Ndalama za pa khadi la EBT la agogo zasowa, ndipo akukayikira ine

Nachisale:
Anzanga osamalira okalamba, ndithandizeni nzeru. Agogo omwe ndimawasamalira kuno ku South Bend, Indiana, amalandira SNAP, thandizo la boma logulira zakudya, pa khadi la EBT lotchedwa Hoosier Works, ndipo ndine ndimakawagulira zakudya Lachiwiri lililonse poti miyendo inawakana. Dzulo khadi lakana pa til. Kwatsala $3 yokha, chonsecho risiti la sabata yatha likuti $164. Mwana wawo wandiimbira usiku. Sananene kuti ndaba, koma mafunso akewo munthu umamva komwe akulowera.

Mayi a Tadala:
Pepani asisi. Musadziteteze ndi pakamwa, pakamwa sipakhala umboni. Khalani pansi ndi agogowo, muimbe nambala ili kuseri kwa khadi, kapena mulowe pa app yake. Mudzaona chilichonse chomwe chagulidwa, tsiku lake, sitolo ndi ndalama. Mujambule pa foni.

Nachisale:
Tayang'ana. Loweruka usiku pagulidwa zinthu kawiri ku sitolo ya state ina, komwe agogo sanapondeko chibadwire. Khadi lili m'kachikwama kawo momwemu, silinachoke.

aPhiri:
Ndiye akubatu amenewo, achemwali, amati skimming. Makhadi ambiri a EBT alibe chip ngati a ku banki, amagwiritsabe kamzere kakuda kakuseri kaja. Anthuwa amavundikira kachipangizo kawo pamwamba pa makina olipirira, inu mukadutsitsa khadi n'kulemba PIN, iwo atenga zonse. Kenako amapanga khadi lina n'kukagulira kutali. Lero lomwe agogo aimbe, khadili litsekedwe, apemphe latsopano ndi PIN yatsopano. Muuzenso a FSSA, ofesi ya boma la Indiana yoyendetsa SNAP. Koma ndisakunamizeni, zobweza ndalama musayembekezere kwambiri. Dongosolo la boma la federal lobweza zobedwa chonchi linathera pa 20 December 2024.

Mayi a Tadala:
Ndiwonjezere. Ku Indiana ndalama zimalowa pakati pa 5 ndi 23 pa mwezi, potengera chilembo choyamba cha dzina la makolo. Dziwani tsiku la agogo anu, muzisintha PIN dzulo lake.

Anti Grace:
Ine ndifunsa zowawa, mundikhululukire. Ku agency kwanu akudziwa kuti mumanyamula khadi ndi PIN ya kasitomala? Kwathu zimenezo n'zoletsedwa pokhapokha zitalembedwa mu care plan, pepala la ndondomeko ya chisamaliro chake. Lero mwapulumuka poti akubawo agulira kutali. Akanagulira sitolo ya pakona panupo mukanalozera ndani? Imbirani supervisor wanu mwana uja asanakutsogolereni, mulembe incident report. Ngati banja likufuna kuti muzigulabe, lidzaze fomu ya authorized representative, dzina la wogulayo lidziwike ku boma. Mwinanso bwino likhale dzina la mwanayo, inu muzingoperekeza.

aPhiri:
Anti, pamenepo mwalimbitsa. Ena ana awo amakhala ku Texas, agogo adye chiyani podikira?

Anti Grace:
Sindikuti asiye kugula, aPhiri. Ndikuti zilembedwe. Ine ndili ndi kabuku pamwamba pa filiji ya kasitomala wanga. Ndimalemba tsiku ndi ndalama zotsala ndisanapite, ndikabwera ndimamata risiti, poti pansi pake pamaoneka zotsala, iye n'kusaina. Za sopo ndi mathewera ndimalemba tsamba lina, SNAP siigula zimenezo, ndipo mukasakaniza ndi pamene masamu amasokonekera.

Nachisale:
Zikomo nonse. Khadi tatseka, latsopano libwera pa positi. Supervisor ndamuuza, wati kabukuko ndiyambe mawa. Mwana wa agogo ndamutumizira chithunzi chija, wangoyankha kuti adzabwera Loweruka tidzakambirane za fomu. Vuto ndi la pano, mufiliji mwatsala mazira anayi ndi mkaka. Alipo akudziwa food pantry (kogawira zakudya zaulere) yotsegula Lachinayi mbali ya kuno?