Pule ya crankshaft yakana kutuluka pa 1ZZ, bowo limodzi mazinga anatha

aMbewe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Corolla ya injini ya 1ZZ-FE, yabwera ikudontha oyilo kutsogolo ndipo lamba akugwedezeka injini ikamalira. Bawuti ya pule yatuluka, koma pule yeniyeniyo yakanirira, olo kusuntha pang'ono. Galimotoyi inayamba yapita ku galaja ina, kumeneko anaikoka ndi puller ya zala zitatu atakola kunja. Mkombero wakunja wapendekeka, labala wang'ambika mbali imodzi. Mwa mabowo awiri a 8mm omangirapo puller aja, limodzi mazinga anatha, bawuti ikungozungulira. Mnyamata wanga akuti tiyatse gasi, ine ndati adikire ndimve kaye kwa inu.

aKumwenda: Mnyamatayo sakunama achimwene. Pule imeneyo inafa kale, simuibwezerapo. Otchani pakati pakepo, chitsulo chikafutukuka ituluka yokha. Ikakanabe, ma tyre lever awiri kumbuyo, uku ndi uku.

aNambewe: Ma lever ayi aKumwenda, pepani. Atsamira pati? Kumbuyo kwa puleyo kuli timing cover ya aluminiyamu. Ikang'aluka, aMbewe amasula mount ya injini, valve cover, water pump, zonsezo chifukwa cha pule yomwe inali yotaya kale. Gasinso ndikukana. Pamenepo pali oyilo wodontha, pali labala wong'ambika amene agwire moto msanga, waya wa crank sensor ali pafupi pomwepo. Ngati mukufuna kutentha, heat gun pa habu (pakati pa pule) pokha, mpaka dontho la madzi liziti tsii, basi.

aKumwenda: Ine ndatulutsa zambiri ndi gasi osawononga kanthu.

aNambewe: Pa injini ya chivundikiro chachitsulo, injini ili pa benchi, ndikuvomera. Mkati mwa galimoto, pafupi ndi aluminiyamu, dzanja langa siliyerekeza.

aChirwa: Tisanakangane za moto, aMbewe ndiyankheni izi. Bawuti ija inamasuka bwanji, inavuta kapena inangobwera? Ndipo mutaichotsa, kuseri kwa washala mwaonako fumbi lofiira ngati dzimbiri loperedwa?

aMbewe: Inangobwera madala, ndi soketi ya 19 ndi T-bar wamba, osawonjezera paipi, osagwiritsa sitata. Ndimaganiza kuti a galaja ina aja ndiwo anaisiya yolefuka. Fumbi lofiiralo lilipo, lambiri, mpaka m'mazinga a bawuti.

aChirwa: Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. A galaja aja mwina anamasuladi, koma fumbilo silibwera tsiku limodzi. Bawuti ya pule pa 1ZZ imamangidwa 138 Nm, ndipo chimene chimagwira pule ndi mphamvu ya bawutiyo. Kiyi, kachitsulo kolowa mu ngalande ya shafuti ndi ya pule, ntchito yake ndi kungolozera malo. Bawuti ikakhala yolefuka, pule imayamba kumenya kiyi, kutsogolo kumbuyo, nthawi iliyonse injini ikamalira, makamaka AC ikayaka. Chitsulo chimadyana, ndiye fumbi lofiira mwaonalo. Kiyi amadyeka mbali imodzi n'kukhala ndi sitepe, ngalande ya mu pule imakula, m'mphepete mwake mumatukuka kamlomo. Pule yanu panopa yakhala pa sitepe imeneyo. Mukamaikoka molunjika mukuikanikizira pa kiyi, n'chifukwa chake anzathu aja anathyola labala ndi mazinga osaisuntha. Si dzimbiri lokha limene laigwira, ndiye moto suthetsa.

Gwirani crankshaft isazungulire. Ngati ndi manual, giya yomaliza, wina aponde buleki. Ngati ndi automatic, chotsani sitata mutsekere mano a flexplate, mbale imene sitata imazunguza. Kenako yesani kuipotoza puleyo pang'ono, mbali iyi ndi iyo. Mukamva kamasewera, ngakhale ka milimita imodzi, iimikeni pakati pa masewerawo. Pamenepo kiyi ayang'anizana ndi ngalande yake yakale, ndipo m'pamene muyambe kukoka.

aMbewe: Ndi automatic. Ndachotsa sitata, ndatsekera. Masewera alipodi, imati kwe mbali imodzi kenako n'kulimba. Koma ndikoka ndi chiyani poti bowo labwino latsala limodzi?

aNambewe: Bowo lakufalo likulitseni. Boolani ndi dirilo ya 8.5mm, dulani mazinga atsopano ndi tap ya M10 x 1.5. Pule yotaya sitiiwonongera helicoil, kawaya kobwezeretsa mazinga. Musanaboole yezani kuchindikala kwa chitsulo pamenepo, mukulunge tepi pa dirilo kuti isapitirire n'kukaluma cover kumbuyo. Ine ndimalowetsa kachidutswa ka lata kuseri kwa bowolo, dirilo ikatulukira imagunda latalo. Pakani girisi pa tap kuti tizitsulo timatirire pomwepo.

Kuti dirilo ilowe molunjika, chotsani tayala lakumanja ndi pulasitiki ya m'mudguard, jeke pansi pa sampu ndi thabwa pakati, masulani mount, tsitsani injini pang'ono mpaka pule iyang'anizane nanu. Bowo lopendekeka mazinga ake azukanso.

aChirwa: Achemwali anena zoona. Ndiwonjezere pa mabawuti okokerawo. Akhale olimba, a 8.8 kupita m'mwamba, osati ofewa a m'mipando. Alowe mokwanira kuchindikala konse kwa chitsulo koma asatulukire mpaka kukhudza cover. Chitsulo cha puller chikhale chofanana mbali zonse, yezani ndi rula kuchokera pa pule. Mbali imodzi ikatalika ndi mamilimita awiri okha, pule imapendekeka pa shafuti n'kuluma kwambiri.

Ndipo nsonga ya puller isalowe m'bowo la crankshaft. Ikaphwanya mazinga a mmenemo mwasanduka ntchito ya ku lathe. Bwezeranimo bawuti yakale, ilowe mazinga ambiri ndithu, mungosiya mpata pang'ono pakati pa washala ndi pule. Nsonga ikankhe pamutu pa bawutiyo. Pule ikafika pa washala, masulani puller, bwezani bawuti pang'ono, yambaninso. Ngati muli ndi bawuti ina yakutha ya mtundu womwewo, idyeni mutu ndi gilayinda mpaka uzidutsa m'bowo la pule, ntchito imayenda kamodzi.

aJere: Ine ndine wophunzira, ndifunse nawo. Bwana wanga amamenya pule ndi hamala yaikulu kuti dzimbiri lisweke. N'kulakwa?

aChirwa: Funso labwino mphwanga. Ukamenya pule molunjika mkati, nkhonyayo imayenda mu crankshaft mpaka pa thrust washer, tizitsulo topyapyala timene timaletsa shafuti kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo. Timeneto tikaphwanyika, injini ndi yotsegula pansi. Chololedwa ndi ichi: puller ikakoka mpaka kulimba, gogoda habu cham'mbali ndi chitsulo cha brass kapena hamala yaing'ono, mozungulira, kenako wonjezera kotala pa puller. Thira mafuta olowerera omasula dzimbiri pa ngalande ya kiyi, upite ukagwire ntchito ina, ubwerenso. Pule zambiri zimamasuka puller ili chikokere munthu ali kwina.

aJere: Nanga zomasula bawuti ndi sitata zija, aMbewe anatchula?

aKumwenda: Umatsamiritsa bar pa chassis kapena pansi, kuchotsa ma coil kapena fyuzi ya EFI kuti injini isalire, n'kugunda sitata kamodzi kokha. Zimatheka pa injini yozungulira ngati wotchi ukaiyang'ana kutsogolo, monga Toyota imeneyi. Pa Honda zakale za D ndi B injini imazungulira chobwerera, ukatero ukumanga bawuti m'malo momasula, ndipo bar imauluka. Pamenepo pamafunika chogwirira cha 50mm cha makona sikisi chija. Usayerekezenso kungomasula pa Mazda za injini ya L ndi Ford Duratec zofanana nazo. Zimenezo pule ilibe kiyi, bawuti yomweyo ndi imene yagwira timing, ukamasula usanatsekere shafuti timing yapita.

aMbewe: Akuluakulu, yatuluka. Ndaboola, ndadula M10, ndaiimika pakati pa masewera aja monga ananenera aChirwa. Poyamba inalimba mpaka ndimaopa kuti mazinga azuka, ndinaisiya chikokere nditathira mafuta. Nditabwerera ndinagogoda habu kawiri, inalira kuti tha, kenako n'kumabwera ndi sipanala yaing'ono. Kiyi ali ndi sitepe yoti chikhadabo chimakodwa, ngalande ya mu pule yakula pafupifupi kawiri. Pa crankshaft pali kamlomo kotukuka mbali imodzi ya ngalande. Pamene pamakhudza oil seal pa khosi la pule pali mzere wakuya, ndiye oyilo amadutsira pamenepo. Zikomo nonse. Funso latsala ndi lakuti shafutiyi ipulumuka?

aNambewe: Ikani kiyi watsopano mu ngalande ya crankshaft mumve. Akalowa mothina, wofuna kugogoda pang'ono, shafuti ili bwino. Kamlomoko kachotseni ndi tupa wosalala, mutatseka pakamwa pa seal ndi kansalu kuti tizitsulo tisalowe mu injini. Musadye thupi la shafuti, kamlomo kokha. Kiyi akamagwedera, musabise, muuzeni mwini galimoto lero lomwe. Kumata ndi guluu wa zitsulo kumagwira kanthawi, koma pa ngalande yotakasuka kwambiri vuto limabwerera.

Onaninso kiyiyo mkati, chifukwa kumbuyo kwa pule kuli giya ya tcheni ndi mbale ya mano imene crank sensor imawerenga. Ngati kudyekako kwafika kumeneko, cover itsegulidwe basi.

aChirwa: Pule yatsopano ilowe ndi manja, mutapaka oyilo pang'ono pa shafuti ndi pa mlomo wa seal yatsopano. Ikafuna hamala ndiye kuti kamlomo katsala penapake, itulutseni muonenso. Bawuti nayo gulani ina, yakaleyo yagwira ntchito yolefuka nthawi yaitali ndipo mwaikankhanso ndi puller. Tsukani mazinga a mu shafuti fumbi lofiiralo lichoke, apo ayi torque wrench ilira bawuti isanakanikize pule. Mangani 138 Nm mutagwira pule ndi chogwirira pa mabowo awiri aja, osati ndi mfuti ya mpweya.

aMbewe: Kiyi watsopano walowa mothina, ndipo ndaunika ndi tochi, kudyeka kwathera pamene panali pule. Ndikatsiriza kumanga ndiiliza ndione ngati lamba wasiya kugwedezeka. Akapitiriza ndiika dial gauge, choyezera kupindika, pamphuno ya shafuti, poti sindikudziwa kuti puller ya zala zitatu ija anaikoka mpaka pati.