Okonkwo wandisowetsa mtendere, kodi ndi ine ndekha?

NaPhiri wa ku 25:
Anthu inu ndithandizeni maganizo. Ndangomaliza Things Fall Apart ya Chinua Achebe ndipo mtima sukukhala m'malo. Ndinaligula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale aja mu Old Town, ine ndimayesa ndi nkhani ya azungu kubwera ndi chipembedzo basi monga anthu amakambira, koma chomwe chandipweteka ndi munthu mmodzi yekha. Paja pa Ikemefuna paja, mnyamata wa mudzi wina amene anaperekedwa kuti Okonkwo amusunge. Mwana wakhala pakhomo zaka 3, akumuitana Okonkwo kuti bambo, mkulu Ezeudu wachita kubwera kudzamuuza kuti iwe usaikepo dzanja lako pa imfa ya mwanayu, koma mwana uja atathawira kwa iye kuti amupulumutse, iyeyo nde amene akumumaliza ndi chikwanje kuopa kuti anzake amuyesa wofooka. Kenako masiku awiri osadya, akungomwa. Nde funso langa ndi ili, zimatheka bwanji kumumvera chisoni munthu wopha mwana komanso womenya akazi ake? Chifukwa ine kumathero kuja ndinamulira ndipo ndikudzida nazo. Nanga inu buku likakusiyani chonchi mumatani?

Mjomba wa ku Kawale:
Asisi simuli nokha. Ine ndinaliwerenga koyamba ndili ku sekondale ndipo silinandikhudze olo pang'ono, tinkangotchana Amalinze, katswiri wogwetsana wa m'bukumo, tikamagwetsana kuseri kwa hostel kkkk. Ndadzaliwerenganso bambo anga atatisiya, eee, zinali zina. Chifukwa Okonkwo ndimamudziwa ine, ndakula naye nyumba imodzi. Mdala wanga sanandiuzepo kuti wakhoza mwana wanga, ukabwera ndi nambala 2 amafunsa kuti woyambayo ali ndi mitu ingati, koma fizi sinachedwepo ngakhale chaka cha njala cha 2002 chija. Nde mukayang'ana bwino Okonkwo chomwe chimamuyendetsa ndi mantha, akuthawa bambo ake Unoka, munthu wa chitoliro ndi ngongole yemwe anafa wopanda ulemu m'mudzi. Chilichonse chomwe Unoka ankakonda iye anachida, nyimbo, kufatsa, kucheza ndi ana, mpaka anamutaya mwana wake Nwoye ali moyo. Amakonda koma sadziwa potulutsira. Mwana wake wamkazi Ezinma amamukonda kwambiri koma zomwe amatha kuganiza nzakuti akanakhala mnyamata. Kumumvera chisoni sikuvomereza zomwe anachita ayi, ndikungoti wolembayo wakulowetsani m'mutu mwake ndipo mwaona kuti munthuyu akudzikumbira yekha dzenje akuganiza kuti akumanga nyumba. Chimene chimandidabwitsa nchoti bukuli linatuluka 1958 Achebe ali ndi zaka 27 zokha, mnyamata ameneyu mdala wotere anamuonera kuti?

Mayi a Tadala, Biwi:
Ine nde ndikana pang'ono achimwene. Misozi yanga siinapite kwa Okonkwo. Nthawi zonse tikamakamba bukuli timangoti Okonkwo Okonkwo ngati pakhomopo panalibe anthu ena. Nanga mkazi wake Ekwefi? Mayi wabereka ana 10, 9 waika m'manda, wangotsala ndi Ezinma yekha naye wodwaladwala, kenako mwamuna amumenya chifukwa cha masamba a nthochi omwe wadula, nkumuwomberanso mfuti chifukwa wanenako mawu, mwayi kuti anaphonya. Mkazi wamng'ono Ojiugo naye anamenyedwa mkati mwa sabata ya mtendere chifukwa chochedwa kuphika. Pomwe ine ndinasiya kaye buku ndi usiku uja Chielo, wansembe wamkazi wa mulungu wawo, watenga Ezinma kumubereka kumbuyo nkumapita naye kuphanga, Ekwefi akutsatira mumdima yekhayekha mantha ali tho koma osabwerera. Aliyense amene anagonapo pansi mu wodi ya ana akudikira kuti kuche amadziwa zomwe mayi uja ankamva. Inde Okonkwo naye anatsatira ndi chikwanje chake, ndikuvomereza, penapo ndinafewako. Koma azibambo otere timakhala nawo mpaka lero ndipo amene amalipira mantha awo ndi ife ndi ana.

Chiko_kabaza:
Aaa anthu inu mwatiululira zonse ine ndili pa chaputala 4 kkkk. Basi ndingopitiriza, koma Ikemefuna ndimamukonda amwene, mwandiwonongera tsiku.

Agogo Aphunzitsi, Area 47:
Chiko pepa mdzukulu, tseka maso apa chifukwa ndikamba za kumathero. Ndaphunzitsa Chingelezi zaka zambiri ndisanapume ndipo bukuli ndimalidziwa, koma tsamba lomaliza limandiwawabe. Okonkwo wapha mesenjala wa khothi, wayang'ana anthu ake waona kuti palibe amene amutsatire, wapita kukadzimangirira. Mwambo wa kwawo ku Umuofia sulola abale kukhudza mtembo wa munthu wodzipha, nde mnzake Obierika akuchita kupempha anthu a DC kuti amutsitse mumtengo ndi kuti alendo ndiwo amuike. Munthu amene moyo wake wonse ankafuna maliro aulemu osiyana ndi a bambo ake. Kenako wolemba akutichotsa kwa Obierika nkutiika m'mutu mwa DC, yemwe akuganiza kuti nkhani ya munthuyu ingakwane ndime imodzi m'buku lomwe akulemba. Ife tayenda naye buku lonse, tikudziwa zilazi zake, ana ake, mantha ake, wina akuona ndime imodzi. NaPhiri, ndikuganiza kuti misozi yanu yachokera pamenepo, simunalire chifukwa anali wabwino, mwalira chifukwa mumamudziwa.

China chomwe ana a sukulu kuno ankavutika kumvetsa ndi zaka 7 za ku Mbanta zija. Mfuti ya Okonkwo yaphulika pamaliro a Ezeudu nkupha mwana wa malemuyo mwangozi, chilango nkupita kwawo kwa mayi ake. Mwana wa Chichewa amafunsa kuti nanga chilango chili pati, si kwawo kumeneko? Kwa ife kuchikazi nde kumudzi, malume ndi mwini mbumba. Kwa Aigbo munthu ndi wa kwa bambo ake, nde iye ankadziona ngati wachotsedwa ufumu ngakhale malume ake Uchendu anamulandira bwino, kumupatsa malo olima ndi omangapo. Ana a ku Mzimba ndi ku Rumphi ankamva msanga.

Mayi a Tadala sananame, ndipo bukulo silimubisira Okonkwo chilichonse. Za chochita, ine sindithamangira buku lina, ndimapeza munthu woti ndikangane naye monga mukuchitiramu. Mtima ukakhazikika kafunseni ku National Library ku City Centre No Longer at Ease ya 1960, ndi nkhani ya Obi, mdzukulu wa Okonkwo, mwana wa Nwoye, koma musayembekeze kuti ikusangalatsani.

NaPhiri wa ku 25:
Zikomo nonse. Mayi a Tadala za Ekwefi mwandigwira, ndabwerera pa chaputala cha Chielo ndipo ndaona kuti ndinangodutsapo mothamanga chifukwa maso anali pa mwamunayo. Agogo, la Obi lidikire kaye, mwezi uno ndiwerenga zoseketsa basi. Mjomba ndikufunseni, mchimwene wanga wamkulu ali ndi mwana wa zaka 12 ndipo amamukalipira akalira, akuti mwamuna salira. Ndimupatse bukuli kapena aziona ngati ndikumunena?

Mjomba wa ku Kawale:
Mupatseni asisi koma osanena chifukwa, mungoti ndi nkhani ya katswiri wogwetsana. Akakubwezerani msanga osayankhulapo kanthu mudziwe kuti wafika pa Ikemefuna.