Sitima zakale za A Stock ndi nkhani ya mipando pa njanji ya Metropolitan line ya ku London

Wofika kumene, Chesham:
Akuluakulu, ndayamba ntchito yosamalira okalamba kuno, ndipo agogo amene ndimawathandiza sasiya kudandaula kuti sitima za masiku ano zilibe mipando ngati zakale. Inenso ndikakwera pa Baker Street madzulo ndimaimirira mpaka pa Harrow-on-the-Hill, miyendo ikuwawa. Kodi sitima zakalezo zinali zotani, nanga munthu angatani kuti apeze pokhala?

Bambo wa ku Harrow:
Achemwali, agogowo sakunama, chifukwa ineyo sitimazo ndinazikwera zaka zambiri popita kuntchito ya usiku. Zinkatchedwa A Stock, ndipo chilembo cha A chinkaimira Amersham, poti zinapangidwa pamene magetsi a njanji anafikitsidwa kumeneko. Magetsiwo asanafike, sitima ikaima pa Rickmansworth ankaichotsa mutu wamagetsi n'kumangirira wamalasha kuti ulendo upitirire. Kampani ya Cravens ya ku Sheffield inapanga mabogi 464, ndipo sitimazi zinayamba kunyamula anthu mu 1961.

Amene anazikonza ankaganizira munthu wochokera kutali amene akhala m'sitima pafupifupi ola lathunthu, osati wotsika pa siteshoni yachiwiri. N'chifukwa chake mipando yake inali yopingasa, atatu mbali ino awiri mbali inayo, yotsamira mpaka m'mapewa, ndipo pamwamba panali poika katundu ndi tokolowekapo jekete kapena ambulera. Sitima imodzi ya mabogi 8 inali ndi mipando 448, pamene ya S8 imene mukukwerayi ili ndi 306. Ndikaweruka m'mamawa ndinkatsamira pawindo n'kugona osaopa kugwera mnzanga, ndipo kunena zoona mpumulo umenewo ndimausowa mpaka lero.

Mayi wa ku Watford:
Achimwene mwafotokoza bwino, koma tisaiwale kuti sitimazo zinali zitakalamba. Zinabwera zosapaka penti, zoyera ngati sefuliya yatsopano chifukwa zinali za aluminiyamu, ndipo mitundu yofiira, yoyera ndi yabuluu anazipaka m'zaka za m'ma 1990 pozikonzanso ku Derby. Ngakhale zinakonzedwa, nyengo yotentha m'katimo munkachita thukuta, ndipo zikamathamanga pakati pa Finchley Road ndi Wembley Park zinkagwedeza munthu kwambiri. Za S8, zomwe anapanga a Bombardier ndipo zinayamba mu 2010, zili ndi mpweya wozizira, komanso mabogi ake ndi olumikizana, moti usiku mayi ali yekha angathe kuyenda kupita kumene kuli anthu ena. Kwa ife oweruka mochedwa, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Tsono mng'ono wanga, za mpando chitani chonchi. Sitima za ku Chesham zimachokera ku Aldgate, ndiye zimafika pa Baker Street zitadzaza kale, koma zambiri za ku Watford zimayambira pa Baker Street pomwepo zilibe munthu. Kwerani imeneyo, mukhale pansi mpaka pa Moor Park, ndipo mudikire yanu pamenepo anthu ambiri atatsika. Muone nthawi musananyamuke, chifukwa ya ku Chesham imabwera pakatha theka la ola lililonse.

Bambo wa ku Harrow:
Ndiwonjezerepo kuti khadi lolipirira ulendo la Oyster limagwiranso ntchito pa sitima za kampani ya Chiltern zochokera ku Marylebone mpaka pa Chalfont & Latimer, pamene njanji ya ku Chesham imapatukira. Mpaka mu December 2010, kunja kwa nthawi ya chipwirikiti, anthu a ku Chesham ankatsika pamenepo n'kukwera ka A Stock ka mabogi anayi komwe kankangopita n'kubwerera. Mwina agogo anuwo akukumbukira kameneko.

Wofika kumene, Chesham:
Zikomo kwambiri amayi ndi abambo. Ndawafunsa, ndipo akuti kameneko ndi komwe ankakwera ndi malemu amuna awo. Kodi ilipo yotsala imene angathe kukaiona?

Mayi wa ku Watford:
Zinasiya kunyamula anthu pa 26 September 2012, patatha zaka 51, koma bogi imodzi inasungidwa ku Acton, kumalo osungirako zinthu a London Transport Museum. Malowo satsegulidwa tsiku lililonse, choncho muyambe mwaona masiku ake pa intaneti, ndipo mukambirane ndi abwana anu komanso abale a agogowo musanakonze ulendo.