Masikono anga a kirimu akulimba, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa: Moni nonse, ndithandizeni chonde mutu waima. Aka nkachitatu kuphika masikono a kirimu koma akungotuluka ophwatalala, kunja gwa ngati mwala mkati muli nyowe. Loweruka apongozi akubwera ndi alendo ndipo ndinalonjeza kale kuti ndiphika ine. Komanso alamu anga amene tikukhala nawo anamwa theka la kirimu mu furiji osapepesa nkomwe, amuna anga akungoti zisiye, ineyo zikundiwawa. Ndimaika makapu 2 a fulawa, shuga, mchere pang'ono ndi kirimu kapu imodzi ndi kota.

Mai Tadala: Vuto ndi manja anuwo asisi, MUKUKANDA ngati buledi! Sikono sakanda. Sakanizani ndi foloko, fulawa ikangogwirana basi siyani, ngakhale zioneke zokhakhala. Mukamakanda fulawa imayamba kunyunduka ndiye kulimbako. Ine zaka 20 ndikuphika.

Che Joni: Alamuwo muwatume akagule wina, anthu ena alibe manyazi.

Nambewe: Ine zinandionekerapo pa tsiku lobadwa la mwana wanga, iye ankangotsegula uvuni kusuzumira, onse anaphwa ndinalira ndithu. Mpaka lero akandipempha masikono mtima umagunda.

Grace K: Asisi simunatchule baking powder, mumaika? Pa makapu 2 pamafunika supuni yaikulu imodzi, kupatula ngati fulawa yanu ili ya self-raising, yokhala ndi baking powder kale. Baking powder ikakhala yakale thirani pang'ono m'madzi otentha, ikapanda kuchita thovu yatha mphamvu.

Mai Tadala: Grace munthu angaiwale baking powder? Nkukanda uku ndakuuzani. Komanso podula osapotoza kapu, dinikizani molunjika nkukweza, mukapotoza m'mbali mumamatana safufuma bwino.

Aunt Rose: Ikanimo dzira ndi majarini mwanawe, masikono opanda dzira ine sindinawaonepo.

Mai Tadala: Ayi anti musamusokoneze, awa ndi a kirimu, mafuta ali mu kirimumo kale. Bola akhale kirimu wokhuthala uja amamenya, wozizira, osati mkaka.

Aunt Rose: Zaka 20 zanuzo ena tinayamba musanabadwe.

Che Joni: Akalimbanso mupatse alamu adye okha, alipire kirimu uja 😂

Limbani: Uvuni muyambe mwautenthetsa ufike madigiri 220 Celsius, mtanda ukhale wochindikala masentimita 2 kapena 3, mphindi 12 mpaka 15. Moto wochepa amauma asanafufume. Ndipo soda si baking powder, soda payekha amasiya kakuwawa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Che Joni mwanena zoona, dzulo amwanso mkaka wa mwana. Mai Tadala ndiyesa foloko ija madzulo ano.

Grace K: Nanga baking powder asisi, mumaika kapena ayi??