Kodi ndingalongosole bwanji ntchito zanga kuti tsiku lizindikwanira?

Mayi wa ku Area 25

Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki ku City Centre, ndimagulitsako zitenje, komanso ndine msungichuma wa banki mkhonde ya kwathu kuno. Ndimadzuka 4:30 m'mawa, koma pofika pakhomo madzulo, nditakhalitsa m'minibasi pamdipiti wa magalimoto cha ku Kanengo, ndimapeza kuti zimene ndinalinga kuchita zidakali chikhalire. Sabata yatha ndinaiwala kukapereka zitenje 12 za chinkhoswe, mpaka eni ake anachita kundiimbira foni Lachisanu usiku, ndipo manyazi ake sanandichokebe. Kodi anzanga mumatani kuti zinthu zisamakupulumukeni?

Mphunzitsi wa ku Kawale

Pepani mayi, zoterezi zimawawa. Monga ndikuonera, zonse mukuzisenza m'mutu, pamene mutu wotopa umataya zinthu ngati dengu lobooka. Gulani kope limodzi lokha, laling'ono lokwana m'chikwama, ndipo chilichonse chimene mwalonjeza munthu muzichilemba nthawi yomweyo, iye akuona, pamodzi ndi tsiku lake. Ine ndimakhala pansi Lamlungu madzulo n'kuwerenga kope lonse, kenako tsiku lililonse ndimalipatsa ntchito zitatu zokha zimene siziyenera kugona. Zina zikatheka ndimathokoza, zikakanika sindidziimba mlandu. Komanso musadzaze sabata yonse, chifukwa maliro sapanganika, ndipo uthenga ukafika simungauze anamfedwa kuti kope lanu ladzaza. Madzulo a masiku awiri muziwasiya opanda kanthu.

Telala wa ku Mchesi

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndiwonjezepo za mphamvu, pakuti maola a tsiku salemera mofanana. Nsalu ndimadula m'mawa, maso akadali akuthwa, chifukwa sizasi ikaphonya pansalu ya mwini palibenso kubweza. Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo, malata a shopu akuthetheka, ndimangosoka mabatani ndi kupinda m'mphepete mwa zovala, ntchito zimene manja amazidziwa okha. Kukhoma ndinapachikako mapepala awiri, lina la ntchito zofuna magetsi, lina la zosafuna, kotero kuti magetsi akazima sindikhala manja lende kudikira.

Achemwali, mabuku a banki mkhonde musamawerengere usiku mutatopa. Ndalama za anthu n'zofunika mutu wozizira, ndipo mukasokoneza nambala imodzi yokha mudzataya madzulo atatu mukuifufuza, mwinanso kutaya mbiri yanu yabwino. Apatseni Loweruka m'mawa, ana asanadzuke. Mauthenga a makasitomala a pa WhatsApp muziyankhira m'minibasi momwemo, bola musakhale chakuwindo foni ili m'manja pamene minibasi yaima pasiteji.

Wophunzira wa ku Area 49

Amayi, ine chimene chinandithandiza powerenga ndi njira yotchedwa Pomodoro, imene anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Munthu amagwira ntchito imodzi kwa mphindi 25 osayang'ana kwina, n'kupuma mphindi 5, ndipo akachita zimenezi kanayi amapuma kotalikirapo. Pamphindi 25 zimenezo ndimazimitsa data, chifukwa magulu a pa WhatsApp ndiwo ankandidyera nthawi. Masiku okapereka katundu muziwaikanso mu Google Calendar kuti foni izikukumbutsani kutatsala tsiku limodzi.

Mayi wa ku Area 25

Zikomo kwambiri nonsenu. Mwanawe, za mphindi 25 ku ofesi sizingatheke, popeza abwana amaitana nthawi iliyonse ndipo sindingawauze kuti adikire, koma ndiziyesa Loweruka pamabuku a banki mkhonde monga anenera atelala. Kope ndagula masana ano, ndipo nditalemba zonse zimene ndinalonjeza anthu zakwana 17, zina za mwezi watha. Zinayi mwa izo ndaona kuti sindingazikwanitse n'komwe, choncho mawa m'mawa ndiwaimbira eni ake n'kuwapepesa nthawi idakalipo.