Manja ndi khungu zikundivuta pojambula anthu, ndithandizeni

Anzanga ojambula, ndithandizeni maganizo. Ndikuphunzira ndekha kujambula thupi la munthu. Akaima chilili zimayendako: ndimayeza msinkhu wake ndi mitu 7 ndi theka, amaoneka munthu ndithu. Vuto limabwera akatambasula dzanja kuloza kwa ine, kapena akakhala pansi atapinda miyendo. Mkono umafupika modabwitsa, zala n'kutuluka zofanana ngati phava la nthochi.

Kodi inu munayamba ndi kuphunzira mafupa ndi minofu, kapena zojambula zachangu za mphindi imodzi zija? Ena akuti ndizikakhala pa depoti n'kumajambula odikira minibasi, koma anthu sakhazikika, ena amakwiya ukamawayang'anitsitsa.

China, ndayamba kupenta pa kompyuta ndi pulogalamu yojambulira yotchedwa Krita, poti ndi yaulere. Khungu lakuda likundisautsa kwambiri. Ndikaika mthunzi ndi mtundu wakuda, nkhope imangotuwa mbuu. Mumasakaniza mitundu iti kuti magazi azioneka kuti akuyenda? Mthunziwo mumauika pa layer (gawo losanjikiza pamwamba pa chithunzi) yakeyake ya Multiply, ija imadetsa mitundu ya pansi pake?

Amene ali ndi mpata ndimutumizira zojambula zitatu. Chonde musandinyengerere, "zili bwino" ndamva kokwanira kwa achibale. Mundilozere penipeni pamene palakwika.