Za akuluakulu onyoza aja, nazi zomwe zachitika

Zikomo nonse amene munandiyankha za akuluakulu a gulu lathu la open source (mapulogalamu a kompyuta amene aliyense atha kuwaona ndi kuwasintha) kuno ku Ulongwe, aja ankanyoza achinyamata pa GitHub (webusaiti yolemberapo mapulogalamu limodzi) akalakwitsa code (malangizo olembedwa opanga pulogalamu), ife nkumaopa kuwadzudzula poti ndiwo anayambitsa zonse.

Ndinatsatira malangizo oti tisawayalutse pagulu. Tinasunga ma screenshot, tinapita awiri kukakamba nawo pambali, nkuwakumbutsa kuti ngakhale Linus Torvalds, amene anayambitsa pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Linux, mu 2018 anapepesa nkuyamba wapuma kaye pa Linux. Poyamba akuluakulu athuwo anakwiya ndithu koma anavomera kusiya kuunika code kwa mwezi umodzi. Mtsikana wina wa ku Moatize amene anachoka m'gulu lathu sanabwerere, zimandiwawabe.

Malamulo a gulu lathu tatengera a Contributor Covenant, omwe ndi malamulo a khalidwe amene magulu ambiri a open source amatsatira. Inu lembani anu vuto lisanabuke, komanso madandaulo asamapite kwa munthu mmodzi, kwathu ankapita kwa akuluakulu omwewo.